Mfuti yokana kulavula ndi makina a Elube

Abale anga, mtendere ukhale nanu nonse. Amene ndakupatsani moni ndi dzanja lamanzere pakhomo paja musandiyese wamwano. Lamanjali ndi limene ndabwera kudzalifotokoza.

A ku Kachulu mukundidziwa, ndine Jailosi wokonza njinga. Ena ndinakumatirani machubu muli anyamata, ena mpaka lero mukuyendera masipokosi anga. Abusa anandipempha kuti ndilankhule ndi abambo okhaokha nkhani ya mowa, koma ine ndati amayi asatuluke, chifukwa mwini nkhaniyi wakhala kumbuyo uko. Komanso mowawo unabwera pambuyo. Chimene chinayamba kundidya chinali china.

Ine kuno kwa Kuntumanji ndinabwera monga amabwerera mkamwini aliyense, mphasa kukhwapa, nyundo ndi masipanala m'kathumba. Nyumba, munda wa mpunga, mitengo ya mango, zonsezo zinali za akazi anga a Elube ndi mbumba yawo. Pakhomo pathu chinthu chonyaditsa chinali chimodzi, makina osokera opukusa ndi dzanja. Anabwera nawo ndi alamu anga a Namakhwa, alongo awo a akazi angawo, pochokera ku migodi. Anawasenza pamutu kuchokera pa Songani mpaka kudzawatula pakhonde, n'kunena kuti, "Elube, awa ndi ako. Mwamuna akhoza kupita, awa sapita." Ananena ine ndili pomwepo, ndipo tonse tinaseka.

Ndiye kunabwera chaka chija nyanja inauma. Achikulire mukukumbukira. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, mabwato ali gada padothi long'aluka. Ogula matemba anasiya kubwera, ndipo kopanda ogula matemba kulibe njinga yoti munthu ukonze. Ndinkakhala pansi pa mtengo wanga tsiku lonse kuthamangitsa ntchentche. Amene ankatidyetsa anali makina aja. A Elube ankasoka zigamba, madiresi, mayunifolomu a ana asukulu, ndipo mchere sunkasowa m'nyumba. Ine m'malo mothokoza, zinkandiwawa. Ndinkaona ngati mudzi wonse ukundiloza kuti uyo akudya za singano.

Masiku omwewo anthu ankadutsa kuchokera kutsidya, kuthawa nkhondo ya kwawo. Tsiku lina kunabwera munthu wowonda, wolankhula Chilomwe chokhachokha, atanyamula chinthu m'chiguduli. Ananditengera patali, m'njedza zouma, n'kumasula. Inali mfuti ya asilikali. Mtengo wake unkagwedera, ndiye ankafuna ndimumangire. Nditamanga, anaiyesa kamodzi.

Abale, ine magogodela ndinkawadziwa, aja umathira onga, kusinja, kuombera, n'kukhala pansi kuyambanso. Koma iyi itangolira, inalavula yokha chigoba cha chipolopolo, kachikasu, n'kukagwera uko, ndipo pomwepo inali itameza kale chipolopolo china. Palibe anaigwira. Ndinatola kachigobako kakutentha, ndipo mtima wanga unapita. Munthu uja anandisiyira zipolopolo zodzaza dzanja m'malo mwa zikomo, ndipo sindinamuonenso.

Madzi atayamba kubwerera, kunadza abakha ndi atsekwe ochuluka. Ndinadziuza kuti ndipange mfuti yanga ndizipha atsekwe, nane ndizibwera ndi kanthu kunyumba. Limenelo linali bodza lodzinamiza ndekha. Atsekwe anzanga ankawagwira ndi misampha popanda phokoso. Ine ndinkangofuna kuona chinthu chopangidwa ndi manja anga chikulavula chokha ngati chija.

Ndinapeza chimbowera chosiyidwa pakati pa njedza, kanyumba kaja asodzi amamanga pamadzi, ndipo m'menemo ndi m'mene munasanduka shapu yanga. Sindikuuzani mmene ndinaipangira, ndipo wina asandikokere pambali tikatuluka, chifukwa malipiro ake ndi awa mukuwaonawa. Ndingonena kuti inatheka, ndipo inalira.

Kulira inalira, koma kulavula inakana. Nthawi zina chigoba chinkangokhala phee m'kati ngati chamera mizu, mpaka ndichitokose ndi sipokosi. Nthawi zina chinkatuluka theka n'kupanikizika pakamwa, chili tong'o, ngati chikundinyogodola. Pamene ndikulimbana nacho, atsekwe onse auluka, afika kale ku Chisi. Ndinati vuto ndi sipuling'i yofooka, ndinachotsa ya buleki pa njinga ya munthu. Inakana. Ndinati yalimbitsa, ndinachotsa ya pa msampha wa makoswe. Inakana. Ndinati m'kati ndi mokhakhala, ndinapala mpaka zala kutuluka matuza. Ndinapaka girisi, ndinapukuta girisi. Ambulera ya apongozi inasowa, loko wa pachitseko anasowa. Chinthu chilichonse chachitsulo chimene ndinkachiona, ndinkangoona mankhwala a mfuti yanga.

Zipolopolo zinali zochepa, ndipo kogula kunalibe, choncho kuyesa kulikonse kolephera kunkandipweteka ngati ndazula dzino. Pobwerera ndinayamba kudzera kwa mayi wina wotcheza kachasu, kuti ndikhazike mtima pansi. Kenako ndinayamba kudzerako popita, kuti manja asanjenjemere. Kenako ndinayamba kunyamula botolo kupita nalo ku chimbowera. Nsomba zitabwerera njinga nazo zinabwerera, koma mwini wake akabwera kudzatenga, ankapeza ilibe buleki, ine ndili chigonere pansi pa mtengo. Anthu anasamukira kwa mnzanga wa tsidya la msewu. Kutchalitchi ndinasiya. Mwana wathu Joyisi akandiona ndikubwera ankalowa m'nyumba.

Madzulo ena, dzuwa likadalipo, ndinakhala pakhonde a Elube akusoka. Iwo ankayesa ndikuwayang'ana, mpaka anamwetulira. Koma ine maso anga anali pa kachitsulo kaja kogwira singano, kamene kamakwera ndi kutsika. Kowongoka, kosalala, kosaphonya. Ndinati mumtima, chimene chikusowa m'mfuti yanga ndi ichi.

M'mudzi woyandikana munagwa maliro, a Elube anapita kukagona kumeneko. M'mawa mwake ndinatsegula makina. Ndinachotsa kachitsuloko pamodzi ndi kasipuling'i kena, ndinatsekanso bwinobwino, n'kuvundikira nsalu yake. Ndinati ndingoyesa, ndibwezera. Koma kuti kalowe m'mfuti ndinayenera kukadula ndi kukapala. Nditadula ndinadziwa kuti sikadzabwereranso.

Inali nyengo ija amayi amasoketsa nsalu zokavinira ku zikondwerero za boma, ndipo mukudziwa kuti kumeneko munthu sankajomba. Nsalu zinali mulu m'nyumba. A Elube atabwera ku maliro anavundukula makina, kupukusa, ndipo singano panalibe, poigwirira panalibe. Anandiitana.

"Bambo a Joyisi, tabwerani mudzaone. Makinawa achita bwanji?"

Apa ndiye pansi penipeni pamene ndinafika, abale. Si kundende ayi, ndi pamphasa paja. Ndinakhala pansi, ine mmisiri, ndinamasula makina aja ndikudziwa chimene chasowa ndi kumene chili. A Elube anakhala pambali panga atayala chitenje pamiyendo, ndikamasula sikuluwu n'kumailandira kuti isatayike. Anadzuka kukanditungira thobwa. Ndinasuzumira uku, kusuzumira uku, kupukusa mutu, kenako ndinati, "Kachitsulo kena kathothoka, kaya kagwera kuti. Zimenezi n'zopezeka ku Blantyre basi."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Zikomo, mwayesetsa." Anasesa nyumba yonse, mpaka kunsi kwa bedi.

Mawa lake masana ndinapalasa kupita ku chimbowera ndi botolo langa. Ndinaombera koyamba. Chigoba chinasuntha kuposa kale, chinatsala pang'ono kugwa, n'kupanikizika. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinachitokosa, ndinamwa pang'ono, ndinapalanso pena, n'kuyesa kachiwiri. Chimene ndikukumbuka ndi kuwala, ndi makutu kulira. Nditayang'ana, mfuti inali itang'ambika, ndipo dzanja langa silinkaoneka ngati dzanja. Chala chachikulu panalibe, cha mkombaphala chinkalendewera.

Mmene ndinafikira kumtunda sindidziwa. A Elube anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Sanakuwe. Anang'amba nsalu, anamanga, anandilowetsa m'nyumba. Ndinawagwira ndi dzanja lotsalali.

"Kuchipatala ayi. Akaona bala ili aitana apolisi. Mukudziwa mmene amatengera munthu wopezeka ndi mfuti. Adzati ndine chigawenga, ndipo simudzandionanso."

Sindinkanama. Ana a lero mwina simungamvetse, koma masiku amenewo mfuti m'mudzi inkatha kutengetsa mudzi wonse. Ndiye a Elube anandibisa. Ankatsuka bala ndi madzi amchere, kumanga, kumasula, dzanja langa lili pamiyendo pawo. Kwa anthu ankati ndili ndi malungo. Koma dzanja linatupa, linayamba kununkha, kutupako kunakwera mpaka m'chigongono, ndipo ndinayamba kubwebweta.

M'mawa wina ndinamva mawu a alamu anga pakhomo. A Elube anali atawauza zonse. A Namakhwa akakwiya amayamba Chilomwe, ndipo tsiku limenelo anachilankhula chonse. Kenako anati, "Munthu ameneyu akutiphetsa tonse. Mumpatse mphasa yake azipita kwawo, akafere kumeneko."

A Elube anati, "Achimwene, za mphasa tidzakamba. Lero mumukweze panjinga."

Ndinawatukwana, abale. Ndili panjinga ya alamu, atandimangirira ndi chitenje kuti ndisagwe, ndinkatukwana mkazi amene ankathamanga pambali atandigwira msana. Ndinati wandigulitsa. Ndinati ukufuna ukwatiwe ndi wina. Iwo ankangogwira msanawo.

Kuchipatala ku Zomba anachotsa chala cholendewera chija, mkono anaupulumutsa. Adokotala anati tikanachedwa pang'ono akanadula wonse, mwinanso akanandibweza m'bokosi. Zimenezo sindinazimve, ndinangomva kuti wapolisi waima pakhomo. A Namakhwa sanadikire kuti afunsidwe. Anapita okha ku chimbowera, anatola zidutswa za mfuti, anakazipereka ndi manja awo kuti mudzi usavutike.

Anandifunsa kwambiri. Uli ndi ndani, wakutuma ndani, zina zili kuti. Ndinkadziwa kuti akandilemba kuti ndine wa kutchire, kwanga kwatha. Kenako wapolisi wina wachikulire anatola kachitsulo kamodzi patebulo, kukatembenuza, n'kunena kuti, "Aka si ka makina osokera aka? Akazi anga ali nawo otere." Ndinavomera. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Chigawenga chanji chokamenya nkhondo ndi makina a mkazi wake?" Mlandu wanga unakhala wa kupezeka ndi mfuti popanda chilolezo. Anandipatsa zaka, koma zaka zokhala ndi mathero.

M'ndende kachasu kulibe, choncho thupi linauma lokha, ndi kunjenjemera kwake komwe. Koma mtima sunaume. Tsiku loona akaidi likafika, msilikali ankabwera kudzati, "Jailosi, akazi ako." Ine ndinkati, "Ndilibe mkazi." Ankabwerera. Kuchokera kuno mpaka ku Zomba mukukudziwa kutalika kwake, ndipo nthawi zambiri ankayenda wapansi. Ankabwerabe, ine ndinkakanabe. Za makina sindinaziganizeko ngakhale kamodzi. Ndinkangoganiza za dzanja langa ndi amene anandipereka.

Ankatigwiritsa ntchito yotchetcha udzu ndi kulima. Mpini ukakhudza pachipsera, pankang'ambika. Ndinkamanga ndi sanza, sanza n'kumasuka, magazi n'kumayenderera mpaka kumpini. Anzanga ankandithandiza ndime, koma munthu sangakulimire zaka zonse.

Tsiku lina msilikali uja anabwera, ndipo ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndikudziwa, ulibe mkazi. Koma mkazi amene ulibeyo wasiya ichi. Akuti anakuona panjira ukutchetcha." Anandiponyera kanthu pamiyendo.

Kanali kathumba ka nsalu ya khaki, kosokedwa ngati dzanja, koma ka zala zitatu. Pamalo a zala zosowazo anaikapo thonje n'kupindira kawiri. Kunsi kunali kachingwe komangira pamkono. Ndinafuna kukataya, koma dzanja linkawawa, ndiye ndinakavala.

Kanandikwana, abale. Sikanathine, sikanakhwepe. Pali pena apa pamene fupa linatsala lotukuka, ndipo pomwepo m'pamene anasiya mpata. Pali pena pamene pamandiwawa kwambiri, ndipo pomwepo m'pamene thonje linachuluka. Munthu ameneyu sanandiyeze. Dzanja langa analiona komaliza lili lotupa ndi lonunkha, ndiye kenaka kamodzi kokha, patali, ndili m'mbali mwa msewu. Koma masiku aja ankalitsuka pamiyendo pawo, ine ndikungolira za ine ndekha, iwo anali kuliloweza.

Ndinakavula kuti ndione mmene anakasokera, poti mmisiri sasiya khalidwe lake. Ndinakatembenuza kunsi. Msoko unali wowongoka, waung'onoung'ono, moti munthu wosadziwa akanati ndi wa makina. Koma wa makina umakhala ndi ulusi uwiri, wapamwamba ndi wapansi. Uwu unali ulusi umodzi, wopita patsogolo n'kubwerera pang'ono, kupita n'kubwerera. Unali wa pamanja.

Pamenepo m'pamene ndinakumbuka makina. Ndinaona mulu wa nsalu zija m'nyumba. Ndinaona chitenje pamiyendo, masikuluwu ali pamenepo, ndi chikho cha thobwa. Ndinakhala pansi pakati pa anzanga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinalira mokweza ngati pamaliro. Mkaidi wina wachikulire, amene tinkamutcha abusa ngakhale sanali abusa, anangondigwira phewa. Ndinapemphera tsiku limenelo, koma mawu ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, ndaona.

Ulendo wotsatira msilikali asanamalize dzina langa ndinali nditaima kale. Ndinawapeza a Elube atakhala pabenchi, ataonda, fumbi mpaka m'maondo. Ndinayang'ana manja awo. Chala chapakati chinali chitachita chikang'a chakuda chifukwa chokankha singano, ndipo cha mkombaphala chinali chobowokabowoka.

"Nsalu zija munatani nazo?" Ndi mawu oyamba amene ndinalankhula.

"Ndinasoka."

"Zonse?"

"Nanga eni ake akanakavina atavala chiyani?"

Ndinati, "Kachitsulo kaja ndinachotsa ndine."

Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Kachitsulo komangidwa ndi sikuluwu sikathothoka kokha, bambo a Joyisi. Ndinasesa kuti mwina muchita manyazi munene."

Ndinafuna kugwada, koma anandiletsa ndi maso, poti panali anthu. Anati, "Musafulumire. Ine sindinabwere kudzanena kuti ndakhululuka, zimenezo sindinafikepo. Ndabwera kudzaona ngati kakukwanani." Ndinatambasula dzanja. Analigwira, analitembenuza, anakoka kachingwe, n'kunena kuti, "Apa pakufunika kuwonjezera thonje." Asananyamuke anandiuza kuti achimwene awo ndi ankhoswe akufuna kuthetsa banja, ndipo iwo awapempha kuti adikire ndituluke, ndidzamve ndekha.

Nditatuluka, ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mango. A Namakhwa sanachulutse. Anati, "Alamu, mowa ndi mfuti mwalipira kale ku boma. Koma makina aja ndinasenza ine pamutu pano. Tsiku limene adzasokenso, mudzagona m'mudzi muno. Asanasoke, mphasa yanu ndi iyo." Inalidi itakulungidwa kale. Ndinavomera, chifukwa sanalakwe.

Ndiye mverani zimene ndinachita, inu amene mukufuna kubwerera, chifukwa kulira kokha sikukonza kanthu. Ndinapita ku Songani, kumene kunalibe anzanga a botolo, ndipo ndinapempha ntchito kwa mnzanga wokonza njinga ngati wophunzira. Ine amene ndinaphunzitsa anthu ndinayambanso kupopa matayala. Ndinaphunzira kugwira sipanala ndi zala zitatu, nyundo kumanzere. Panali njira yachidule yodzera pa nyumba ya kachasu, ine ndinkazungulira ya kumsika ngakhale kukugwa mvula. Chilakolako chikandigwira, ndipo chinkandigwira, ndinkapita kukakhala pakhonde la telala wina wachikulire, a Chikopa, mpaka chidutse. Ndinawauza zoona kuyambira tsiku loyamba, kuti akandiona ndakhala chete adziwe chimene chikuchitika. Loweruka ndinkabwera ku Kachulu kufunafuna anthu amene ndinawachotsera zitsulo panjinga, mmodzimmodzi, n'kuwakonzera. Ena anandilandira, ena anandithamangitsa, ndipo wina mpaka lero sandiyankha moni.

Koma matenda anga akale anali asanathe. Ndinati kachitsulo kaja ndipanga ndekha. Ndinapeza chitsulo, ndinapala, ndinasalaza, ndinapita nacho kwa a Chikopa kuti tiyese pa makina awo akale. Chinathyola singano. Ndinapanga china, chinkadumpha msoko. Ndinayamba kumva kutentha kuja m'mutu, kuja kwa ku chimbowera, koti pangotsala pang'ono, ndingopalanso apa. A Chikopa anandilanda chitsulocho n'kuchiponya m'ngalande.

"A Jailosi, mwayambanso mfuti ina. Amene anapanga makinawa sanali opusa. Kuseri kuno kuli mutu wa makina akufa, ofanana ndi anuwo. Mundikonzere njinga yangayi iziyenda, mudzatenge kachitsuloko ndi kasipuling'i komwe."

Zinandiwawa, koma ndinamvera. Kuvomera kuti pali zinthu zimene manja anga sangapange kunandivuta kuposa kusiya kachasu.

Tsiku limene ndinabwera ndi kachitsuloko, a Namakhwa anatulutsa mpando n'kukhala pabwalo, atavala jekete lawo la ku migodi. A Elube anatulutsa makina n'kuwaika pamphasa pakhonde, kenako anakaima pakhomo. Anthu ena anaima kumpanda ngati akudutsa. Ndinamasula, ndinapukuta dzimbiri, ndinadontheza mafuta, ndinalowetsa kachitsulo. Kanalowa bwinobwino. Panatsala kasikuluwu kamodzi kokamangira, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kolowa pakona m'kati.

Kasikuluwu kotero kamagwiridwa ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Ndinayesa ndi zitatuzi, kanagwa. Ndinayesa kumanzere, ndiye sikuludiraiva inakhala kudzanja lopanda mphamvu, kanagwa. Ndinakasaka pamphasa, ndinayesanso, kanagwera m'kati mwa makina. Thukuta linayamba kulowa m'maso. Ndinkamva alamu akupuma kumbuyo kwanga. Kachitsulo ndapeza, mowa ndasiya, koma banja langa linali kuthera pa zala ziwiri zimene ndinazitaya ndekha m'njedza. Kanagwanso, kanagudubuzika mpaka pakhomo, ndipo ndinangoweramitsa mutu.

Ndinamva mphasa ikulira pambali panga. A Elube anakhala pansi, malo omwe aja anakhala tsiku la bodza lija, anayala chitenje pamiyendo. Kasikuluwu kanali pakati pa zala zawo zobowoka zija.

"Nenani, ndiike pati?"

Ndinaloza. Anakalowetsa, anakagwira osagwedeza, ine ndinapotokola. Ndinati tsitsani pang'ono, anatsitsa. Ndinati basi pomwepo, anagwira. Tinaika singano, anapisa ulusi, anapukusa pang'onopang'ono, ndipo singano inatsika n'kukwera itakola ulusi wapansi.

Sindinayerekeze kutembenuka. Ndinkadikira kuti alamu anene kuti wakonza si iwe. Kenako ndinamva mpando ukusuntha. A Namakhwa anavula jekete lawo lija, limene ngakhale kumaliro salivula, anatembenuza thumba lake long'ambika, n'kuliponya pamphasa.

"Tayesani apa. Lakhala likunditayitsa fodya."

Makina analira, abale, kulira kuja ndinali nditakuiwala. Msoko unatuluka wowongoka, osadumpha. A Namakhwa anatenga jekete, anakoka thumbalo uku ndi uku ndi mphamvu zawo zonse, analivala, anapisamo dzanja. Kenako anayang'ana kwa Joyisi n'kunena kuti, "Iwe, tenga mphasa ya abambo ako ulowetse m'nyumba, mvula ikubwera." Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

Ndiye inu abambo anzanga, sindikudziwa chimene mukupala kuseri kwanuko. Wina ndi botolo, wina ndi juga, wina ndi geni imene imangotsala pang'ono kuti itheke chaka ndi chaka. Ine ndingokufunsani chimodzi: zitsulo zake mukuchotsa pa chiyani? Mukafika kunyumba lero muyang'ane bwino chimene chasiya kuyenda, ndi amene akusoka pamanja osakuuzani. Musadikire kuti muchione muli m'ndende ngati ine. Ndipo akadzakukwezani panjinga kupita nanu kumene simukufuna, musawatukwane.

Makina aja akusokabe. Yunifolomu ya Joyisi, diresi lake laukwati, malaya ndavalawa, zonse zadutsa pamenepo. Koma kathumba aka kamatha msanga chifukwa cha girisi, ndiye a Elube amandisokera kena kakang'ambika, ndipo nthawi zonse amasoka pamanja. Maso awo ayamba kufooka, singano ndimawapisira ndine, ndi dzanja lamanzere. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Mukuvutikiranji, makina ali apa?"

Anati, "Makina salidziwa dzanja lanu."

Ndi awo afunda kumaso ndi chitenje kumbuyoko, ndipo ndikudziwa kuti kunyumba ndikaumva chifukwa chowatchula pagulu. Za kukhululuka sananenepo mpaka lero, ndipo ine sindinafunsenso. Ndimangovala. Mulungu akudalitseni nonse.